Kuperekeza Mlendo wa a Damji

Ine tiyi wa tsabola sindimutha. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ulendo wonsewu unabadwira m'kapu.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, nyengo yotentha mvula isanagwe. Ndinapita ku Limbe kukaoda katundu wa kagolosale kanga ka pa Chitipa Boma. Kwathu ndi ku Dedza, koma ku Chitipa ndakhalitsa mpaka ana anga amandikonza Chitumbuka pamaso pa makasitomala. Mmwenye amene ndinkaodako sopo ndi machesi, mnyamata wotchedwa Haresh, atamva komwe ndimakhala anasiya kulemba, nkundiyang'anitsitsa.

"Bambo anga akhala akufunafuna munthu wa ku Chitipa. Tiyeni kunyumba, a Phiri."

Kunyumbako mkazi wake anandikhazika pabalaza, nkundipatsa tiyi. Nditapsontha kamodzi, misozi inalengeza. Munali jinja, munali tsabola, munali zinanso zimene lilime langa silinakumanepo nazo. Mayiyo atatuluka ndinayang'ana uku ndi uku. Pakona panali katebulo kafupi koyalidwa nsalu yofiira, pamwamba pake kanyale ndi mphika wadothi wodzaza nthaka, wopanda ngakhale tsamba limodzi.

Pajatu ine ndimadziyesa wowerenga. Sukulu ndinalekeza sitandade folo, koma chilichonse chokhala ndi zilembo ndimachiwerenga, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. Buku lonena za dziko la India ndinali nalo ndithu. Munali njovu, mitsinje ndi mafumu ovala nduwira, kungoti masamba ake akumapeto mlamu wanga anapichirira fodya. Ndikhulupirira nkhani ya miphika inali kumeneko. Ndinangoti awa ndi maluwa oti anafa, sangadandaule. Ndinakhuthulira tiyi yense mumphikamo.

Potembenuka, mayi uja anali pakhomo dzanja lili pakamwa. Kumbuyo kwake kunaima nkhalamba yowonda, yovala zoyera, yopanda nsapato.

"Wamupatsa tiyi?" inafunsa m'Chichewa chosalala kuposa changa.

"Pepani bwana, ndimayesa ndi maluwa."

"Ubwana unatha, uzingoti madala. Mmenemo muli tirigu, ndinafesa dzana. Ndi mpando wa mlendo." Anayang'ana nthaka yonyowayo kwa kanthawi. "Chabwino. Poti wamudyetsa, wakudziwa. Undithandiza kunyamula."

Amenewo ndiwo anali a Damji. Kale anali ndi sitolo m'mudzi wina kupitirira Kaseye, boma lisanalamule kuti Amwenye achoke m'midzi akakhale m'matauni. Kuseri kwa sitoloyo, pansi pa mkuyu, akazi awo a Kanta anamangitsa kakachisi ka njerwa kofika m'chiuno. M'menemo munali mwala umene ankautcha Mata, ndiye kuti Mayi. Chaka chilichonse, mwezi watsopano ukaoneka mvula ili pafupi, ankafesa tirigu mumphika, kuyatsa nyale, nkuitana Mayiyo kuti akhale mlendo wawo mausiku asanu ndi anayi. Amwenye anzawo ankabwera pa malole kuchokera ku Karonga, ku Isoka, ngakhale ku Mbeya, nkumavina mozungulira nyaleyo akuwomba m'manja. Tsiku lomaliza ankasambitsa mapazi a tiatsikana ta m'mudzimo ndi kutidyetsa, kenako nkusenza mphika wa mphukira kukauika mumtsinje. Kumeneko ndiye kunali kuperekeza mlendo.

"Chaka chimene tinachoka, anyamata achipani anafika chikondwerero chili pakati," anatero a Damji. "Lole ili panja, injini ikulira. Tinasiya nyale ikuyaka. Kanta wamwalira nthawi yokolola yapitayi. Mawu ake omaliza anati, ndinaitana mlendo, sindinamuperekeze. Tsopano ndimamulota ali chiimire pakhomo, salowa, satuluka. Ndikafike mausikuwa asanathe, mphukira zili zamoyo, ndikamalize zimene anayamba. Apo ayi adzaima pamenepo mpaka chaka chamawa, ndipo ine chaka chamawa kaya."

Haresh anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti ukalamba ndi matenda, koma bambo ake akana kudya mpaka apite. Galimoto yapanyumba anaikananso, akuti wopita kwa Mata sapita atatsamira. Haresh mwiniyo sakanasiya sitolo. Anandilipirira ulendo, nalonjeza kuti katundu wanga abwera pambuyo. Munthu woti wangothira tiyi pa mpando wa mlendo wa eni angakane ndi pakamwa pati?

Malamulo a mphika madala anandiuza tili pa depoti ku Blantyre m'mawa mwake. Usagunde pansi. Munthu asaudumphe. Dzanja logwira nyama lisaukhudze lisanasambe. Anaufunditsa nsalu yofiira ija, nkuukhazika pamiyendo. Mtengo wa basi unali utakweranso, poti kwacha masiku amenewo inkagwa ngati mango, ndipo anthu ankatukwana boma mokweza chifukwa cha kukoma kwake koti tsopano nkololedwa.

Mpaka Balaka zonse zinali bwino. Madala anali pa kusala, ankangodya nthochi ndi mtedza. Ine pa Ntcheu fungo la chiwaya linandigonjetsa. Ndinanamizira kukataya madzi, nkukameza zidutswa za mbuzi nditabisala kuseri kwa thiraki ngati mwana wakuba shuga. Ndinasamba m'manja kawiri, kupukuta milomo, nkubwerera ndi nkhope ya mkulu wa mpingo.

"Mchere unakwana?" anafunsa a Damji osandiyang'ana.

Tinagona ku Lilongwe kwa abale awo, amene ankatiyang'ana ngati anthu awiri othawa kuchipatala. Kutacha tinakwera ya ku Mzuzu. Pafupi nafe panakhala mayi wina wa geni ya mpunga, wa ku Karonga, anati ndi Nyagondwe. Anali wolongolola, woseka ndi thupi lonse, mpaka pamene nsalu inasuntha nkuona timphukira titatuluka, toyera ngati mano a khanda. Anabweza miyendo yake mofulumira.

"Adada, mwanyamula vichi? Mankhwala?"

"Tirigu, mama."

"Tirigu wokwera basi? Wofunda? Ine ndine wa mpingo, mundiuze ndisinthe malo."

A Damji anamuyankha m'Chitumbuka chakalekale, chimene ine ndinangotolapo mawu oti mlendo ndi mkazi wanga. Nyagondwe malo sanasinthe, koma kuchokera pamenepo aliyense wofuna kudutsa ndi katundu ankamukalipira kuti asadutsitse pamwamba pa mphika.

Pa Kasungu basi inaima kudikira dizilo kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka. M'katimo munatentha ngati uvuni wa njerwa. Madala ankanyowetsa zala m'botolo nkumadonthezera mumphika, iwo osamwa. Pa lodibuloko ina kutsogoloko wapolisi anakwera, nkuloza nsalu ija ndi ndodo.

"Tsegulani. Si mbande za chamba izi?"

Ndinavundukula. Anawerama, nkutambasula chala kuti akhudze. Chalacho chinaima m'malere. Anayang'ana a Damji, kuyang'ananso malo opanda munthu pakati pa ine ndi iwo, nkudziwongola.

"Yendani bwino," anatero chapansipansi, ndipo anatsika osasecha wina aliyense.

Chinthu china ndinachiona tili pa Jenda, nthawi yanga yonyamula itakwana. Buku lina la zaulimi linandiphunzitsa kuti mbewu imapendekera kumene kukuchokera kuwala. Windo linali kumanzere kwanga, dzuwa likulowera komweko. Koma mphukira zonse zinapendekera kutsogolo kwa basi, kumpoto. Ndinati mwina ndi momwe madala anagwirira. Ndinautembenuza mphikawo mwakachetechete kuti ziloze kumbuyo. Pofika ku Mzuzu ndinasuzumira. Zinali zitalozanso kutsogolo.

Sindinauze munthu. Wowerenga akaona chimene sichili m'buku amayamba wakhala chete.

Ku Mzuzu tinapeza ya ku Karonga itapita, tinagonanso. Tsiku lotsatira tinatsika mapiri a Chiweta, mabuleki akununkha, Nyagondwe akuimba nyimbo ya maliro pansipansi, akuti kuti Mulungu asavutike kuiyambitsa. Pa Karonga anatsika ndi matumba ake, nkupatsa a Damji nthochi zakupsa.

"Mukamuperekeze makola," anatero, ndiye kuti bwino. Ine anangondiuza kuti, "Imwe, musagone."

Karonga ndiye anatidya. Basi ya ku Chitipa inali itafa sabata imeneyo, ndipo msewu masiku amenewo unali wafumbi, mabampu okhaokha. Chotsala chinali matola. Tinapeza lole yodzaza matumba a mchere, dalaivala wake atagona pansi pake chipewa kumaso.

"Inyamuka nthawi yanji, adalaivala?"

"Sono-sono."

Sono-sono ameneyo anatha tsiku lonse, nagona, nadzuka nafe mpaka katatu. Tinakhala pakhonde la sitolo yotseka, kutentha kukuchita kutuluka m'nthaka. Wolipiritsa anafuna kuti mphika ulipire pawokha poti watenga malo a mwana, ndipo tinakangana mpaka iye mwini anayamba kuseka. Mphukira zinali zitatalika ngati chala, zobiriwira bwino. Sizinkalozanso kumpoto. Zinali zitakhotera kumadzulo, kumapiri, komwe msewu wa ku Chitipa umalowera. A Damji anaona kuti ndaona.

"Akudziwa njira," anatero. "Wotsalira ndife."

Anawerenga pa zala zawo zowonda. Usiku unali utatsala umodzi.

Tinanyamuka chakumasana, anthu titaunjikana pamwamba pa mchere pamodzi ndi njinga, malata ndi mbuzi ya mphunzitsi wina, yomangidwa kutsogolo pafupi ndi denga la dalaivala. Fumbi linatipaka tonse mtundu umodzi, moti Mmwenye ndi Mchewa osasiyanitsika. Midzi inayamba kutalikirana. Mitengo inali itaphuka masamba ofiira aja a mvula isanagwe, phiri lonse ngati lapakidwa magazi, ndipo nyenje zinkalira mpaka m'mano.

Pa chikweza china chachitali injini inatsokomola nkuzima. Tonse tinatsika. Dalaivala analowetsa mutu m'boneti, nthunzi ili tolotolo. A Damji anandipatsa mphika nkulowa patchire, poti nthochi nazo zili ndi malamulo ake. Ine ndinakwera pa lole kuti ndikhale pamthunzi wa malata.

Kenako ndinamva pansi panga pakuyenda. Lole inayamba kubwerera chambuyo, pang'onopang'ono, kulunjika kuphompho.

"Miyala! Amuna nonse, miyala kumatayala!"

Munthu wina aliyense akanaika mphikawo pamsewu nkuthamanga. Koma ine ndinali nditaphunzitsidwa bwino. Usagunde pansi, munthu asaudumphe. Ndinafunafuna malo okwera kuposa onse, pamene phazi la munthu silingafike, ndipo ndinaupachika pamwamba penipeni pa matumba, kutsogolo. Ndinadumpha, tinagubuduza miyala, lole inaima. Tinasekerera, kugwirana chanza ngati tawina chisankho.

Nditakweranso, mbuzi ya aphunzitsi inandiyang'ana nsonga ya nsalu yofiira ikulendewera pakamwa pake. Mumphika munatsala tizitsa.

Sindikudziwa ngati ena anazindikira, koma nthawi imeneyo nyenje zinaleka. Phiri lonse linangoti zii. Ndinamva mapazi a a Damji pa miyala, akubwera opanda nsapato. Mphunzitsi anayamba kupepesa m'Chingerezi, wina anati mbuzi iphedwe, wina anaseka nkudzigwira pakamwa. Madala analandira mphikawo ndi manja awiri, nkuuyang'ana nthawi yaitali. Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

"Madala, tibwerere?" ndinafunsa. "Kapena tigule tirigu wina pa Boma?"

"Wa mawa sangamere mawa." Anafunditsa mphikawo ndi nsalu yotsalayo. "Tipita. Mlendo sumutumizira uthenga kuti mbuzi yadya. Umakamuuza wekha pamaso."

Kuchokera pamenepo sanalolenso kuti ndiwalandire. Lole inadzuka dzuwa litapendeka, ndipo pa Boma tinafika anthu atatseka zitseko.

Kutacha ndinapita kwa a Simfukwe, neba wanga wokonza njinga, munthu wosadabwa ndi kanthu chibadwire. Ndinawafotokozera mwachidule. Anandibwereka njinga ya kaliyala yolimba, nkupopa matayala okha.

"Mudzi wa pa mkuyu uja?" anatero. "Anthu amapitako nyengo ino. Sanena kutchalitchi, koma amapitako."

"Kukatani?"

"Mukaona. Tcheni ichi chimagwa mukachita changu."

Ndinapalasa, madala ali pakaliyala mphika uli pamiyendo, opepuka ngati mtolo wa udzu. Tinadutsa Kaseye, minda ili yolimidwa kudikira mvula, kenako tinasiya msewu nkulowa kanjira. Chimene chinandidabwitsa nchoti kanjirako kanali kopondedwa kwambiri, koma m'midzi imene tinkadutsa munalibe anthu. Zitseko zotseka, nkhuku zokha. Dzuwa lili pamutu, mphepo kulibe. Kenako patali tinamva kuwomba m'manja. Sikunali kwa chimwemwe ngati kwa paukwati. Kunali kwapang'onopang'ono, katatu nkupuma, katatu nkupuma.

A Damji anandigwira malaya. "Ima."

Anatsika. Tinayenda wapansi, ine ndikukankha njinga.

Sitolo inali itagwa, kutsala khonde ndi zipilala ziwiri. Koma mkuyu unalipo, ndipo pansi pake panali posesedwa mpaka kuwala. Amayi ambirimbiri ankazungulira mtengowo opanda nsapato, kuwerama, kuwomba m'manja, kudzuka, ena atavala zitenje za mipingo yawo, ena za zipani zimene pa Boma sizipatsana moni. Amuna anakhala patali, zipewa m'manja. Nyimbo imene ankaimba sinali Chilambya, sinali Chitumbuka, sinali chinenero chilichonse chimene ndinamvapo. Mawu ake anali operepeseka ngati ndalama yakale, koma a Damji anayamba kuwayankha pansipansi, misozi ikutsika m'fumbi la kumaso kwawo.

"Ndi ya Kanta," anatero. "Amalakwitsa pomwe iye ankalakwitsa."

Kakachisi kanali chiimire, kozira bwino. Mwala unali wopakidwa dothi lofiira losakaniza ndi mafuta, kanyale ka chitini kakuyaka patsogolo pake masana onse aja. Ndipo kuseri kwa mtengo ndinaona mulu wa miphika, wofika pachifuwa. Yapansi inali yakuda ndi ndere, ina yosweka, yapamwamba yatsopano. M'uliwonse munali udzu wouma.

Kuwomba kunaleka. Mayi wina wamtali, wa imvi zoyamba kumene, anatuluka m'bwalomo nkubwera molunjika kwa ife. Sanaoneke wodabwa. Anagwada, nkupereka moni wa Chilambya.

"Mwaghona, bwana. Mwachedwa. Timayesa mufika dzulo."

"Ndiwe yani?"

"Nakayange. Ndinkatsuka mbale za adona. Munkanditcha Kafupi."

A Damji anakhala pansi pomwepo, pafumbi, mphika uli pamiyendo. Nakayange anafotokoza m'Chichewa chake chosakaniza, mawu ali phee ngati akunena za mtengo wa chimanga. Tsiku lija lole itapita, iye anapeza nyale ikuyaka. Anaopa kuizimitsa, anaonjezera mafuta. Chaka chotsatira, mitengo itafiira ndipo mwezi utaoneka, anafesa mawere mumphika poti tirigu analibe, nkuimba momwe ankamvera. Mvula inabwera bwino. Amayi ena anayamba kubwera, kenako a midzi ina, ena kudzapempha mwana, ena kudzaona mphukira, poti zikamera zobiriwira amati chaka chili bwino.

"Kuitana timadziwa, tinaona," anatero. "Koma tsiku lomaliza ife ana tinkakhala tikudya, kumtsinje adona sankatitenga. Mawu ake sitiwadziwa. Ndiye chaka chilichonse timaitana, koma sitinaperekezepo. Miphika ndi iyo, tinaopa kutaya." Anayang'ana kumwala kuja, nkutsitsa mawu. "Mlendo ali pompano chichokereni inu. Savuta. Koma watopa, bwana. Masana ngati ano timamumva akuyendayenda kuseri kwa mtengo."

Ndinasuzumira kuseri kwa mtengowo, dzuwa lili ng'aa.

A Damji anavundukula mphika wawo, nkuonetsa tizitsa tija. "Ndabwera chimanjamanja, mwana wanga. Ndilibe chomuperekezera."

Nakayange sanayang'anemo nkomwe. Anakodola mayi wina, amene analowa kuseri kwa kakachisi nkutuluka ndi miphika iwiri ya mawere, yobiriwira, yothithikana ngati tsitsi la mwana.

"Chaka chino ndinafesa iwiri. Adona anabwera nthawi yokolola. Ndinkapuntha mawere pakhomo, dzuwa lili apa, ndinangoona aima pamthunzi wa nkhokwe, nsapato m'manja. Anati, Kafupi, ufese iwiri, wa ku Limbe sudzafika." Kenako anatembenukira kwa ine koyamba, nkundiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndinu a tiyi?"

Za tiyi sindinauzepo munthu, ngakhale a Simfukwe, ngakhale mkazi wanga. Mwina madala anauza Nyagondwe m'Chitumbuka chawo chija, uthenga nkudumpha mapiri kutiposa ife. Ndayesa kuganiza choncho zaka zonsezi. Masiku ena zimatheka.

Zotsatira zinachitika mwachangu, poti dzuwa silidikira. A Damji anaitanitsa madzi m'beseni, nkugwada kusambitsa mapazi a tiatsikana timene amayi anatikankhira kutsogolo, tikuseka ndi manyazi kuona nkhalamba ya Chimwenye ikutipukuta zala. Kenako anasenza mphika umodzi wa mawere pamutu, Nakayange unzake. Wa tizitsa uja anandipatsa ine.

"Nawonso wayenda," anatero. "Ukafike."

Tisananyamuke, bambo wina wachikulire anaimirira pakati pa amuna aja, chipewa chili m'manja.

"Bwana, mukamuchotsa, mvula yathu bwanji? Zaka zonsezi sitinagonepo ndi njala ngati anzathu. Mwabwera kudzatilanda?"

Anthu anang'ung'udza. Amayi ena anaima kutsekereza kanjira ka kumtsinje. Ndinaona kuti apa zikhoza kuthera pomwepa, titayenda dziko lonse. A Damji anaima mphika uli pamutu.

"Adada, mlendo mukamukaniza kupita, chaka chamawa mudzaitana yani? Amene amabweranso ndi amene munamuperekeza bwino."

Bamboyo anayang'ana Nakayange. Nakayange anangoyamba kuyenda, ndipo amayi aja anapatuka.

Titayamba kutsetsereka, aliyense anatola mphika umodzi pa mulu uja, mpaka wonse unatha. Mzere unali wautali, wopanda nyimbo, mapazi okhaokha. Mtsinje unali utaphwa, kutsala dziwe limodzi pansi pa thanthwe. A Damji analowa mpaka m'mawondo, nanena mawu awo pang'onopang'ono, kubwereza chiganizo chilichonse kuti Nakayange achigwire, iye nkumayankha. Anamiza mphikawo. Tonse tinamiza yathu, wina pambuyo pa mnzake. Pomaliza madala ananena mawu ena afupi, osati kwa Mata, ndipo amenewo sanaphunzitse munthu. Ndinangomvamo dzina la Kanta.

Panalibe bingu, panalibe mphepo. Koma titabwerera pa mkuyu tinapeza nyale itazima, mafuta ali odzaza, chingwe chili chozizira. Pamalopo panangokhala ngati pamtengo wina uliwonse. Mbalame zinkalira m'nthambi, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti poyamba paja sizinkalira.

A Damji anagona tulo pakhonde la sitolo yawo yakugwa, chagada, kukamwa kuli yasa, ngati mwana. Nakayange anati ndiwasiye masiku angapo, adzawabweretsa yekha pa Boma, ndipo anaterodi. Amayi anali pa kalikiliki kudyetsa ana, amuna akukangana za mvula. Ine poona kuti dzuwa lapendeka ndipo njinga ndi ya eni, ndinangoikankha mwakachetechete nkulowa kanjira, osatsanzika. Njira yonse ndinkamva ngati kuwomba kuja kuli kumbuyo kwanga, katatu nkupuma, koma ndinati ndi tcheni.

A Simfukwe ndinawapeza akumata chubu. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira mbuzi mpaka nyale, ndi mawu okuluwika amene ndimasungira nkhani zazikulu. Anamvetsera osadukiza, akupaka guluu ndi chala. Nditamaliza anazunguza tayala la njinga yawo ija, kuona ngati ndapinda.

"Ndiye mlendo wa eni mwamuperekeza," anatero. "Nanga inuyo pochoka kumeneko, anakuperekezani ndani?"

"Palibe. Anali otanganidwa, ndinangonyamuka."

Anasiya tayala lija likuzungulira lokha, nkusuntha kampando kawo pang'ono kutalikirana nane.

"Ndiye kuti mukadali komweko, a Phiri. Amene wabweza njingayu kaya ndani."